Atate Ake a Mtsikana

Kwathu kummawa mwamuna sadzisankhira dzina. La paubwana amakupatsa uli khanda. Umaweta nalo mbuzi, umakwapulidwa nalo kusukulu, umafunsira nalo mbeta. Ukabereka mwana woyamba limatha ntchito. Kuyambira pamenepo anthu amakuitanira pa mwanayo: atate ake a uje. Wokutchula la paubwana uli kale ndi mwana ndiye kuti akufuna ndewu, kupatula amayi ako okubala.

Woyamba wanga anali wamkazi. Dzina lake sindilemba pano. Pomwe anthu ankalitchula ndizilemba kuti mtsikana. Pomwe ankatchula la mlongo wake womutsatira ndizilemba kuti mnyamata. Ana tinabereka okhawo.

Ku Kanakantapa ndinabwera kuchokera cha ku Katete, nthawi imene boma linkagawa malo olima kuno. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Kulemba ndi kuwerenga ndimadziwa, ndipo zandikwanira. Ndinafika ndi mkazi wanga, nkhwangwa, makasu ndi mbewu m'thumba. Malo anali thengo lokhalokha. Tinagwetsa mitengo, tinazula zitsa, tinamanga kanyumba ka udzu. Ntchito sinandiopse. Chimene chinkandisautsa n'chakuti kuno kunalibe wondidziwa. Kumudzi munthu akakuona panjira amadziwa malume ako, amadziwa munda wa amayi ako, amadziwa ngakhale galu amene anakuluma uli mwana. Kuno ndinali uja wa ku Katete. Ndipo a ku Katete tinalipo ambiri.

Munda wanga unachita malire ndi wa Mbemba wina amene ntchito inamuthera kumigodi. Tsiku loyamba kundiona anandifunsa kwathu. Nditamuuza anaomba m'manja, nati, "Mulungu wanipasa kapolo pafupi." Ife a kummawa ndi Abemba tili pachimbuya. Makolo athu akale anamenyana, kenako analeka, ndipo m'malo mwa mikondo anatisiyira chipongwe. Iye amati ndine wakudya mbewa, ine ndimati ndi wakudya anyani. Akhoza kundinyoza pagulu, sindingakadandaule kwa wina aliyense. Koma ndikafa ndiye adzakumbe manda anga, ndipo akatsogola iye ndidzakumba ine. Munthu wotere timati mbuya.

Mtsikana anabadwa zitsa zisanathe m'munda. Mchombo utagwa, azakhali anga anabwera kuchokera kumudzi kudzamutcha dzina. Atabwerera, ine ndinali kudimba, ndikukumba chitsime, matope m'mawondo. Ndinamva wina akufuula chakumalire, "Bashi mtsikana! Bashi mtsikana!" Bashi ndi mmene Abemba amanenera atate ake a. Ndinapitiriza kukumba. Ndinkayesa kuti akuitana munthu wina.

Mbuya anafika mpaka pakamwa pa dzenje, nandiponyera chibuma pachipewa.

"Iwe wakudya mbeba, wagontha?"

"Sunaitane ine."

"Nanga ni ndani wabala pa nyumba pano? Galu?"

Ndinaima m'dzenjemo fosholo ili m'manja. Sindinaseke, chifukwa Mbemba ukamusekerera amakukwera pamutu. Koma tsiku limenelo ndinakumba osapuma mpaka madzi anatuluka. Ndinali nditasiya kukhala uja wa ku Katete. Dzina limeneli silinachokere kumudzi. Linabadwira pa malo ano, pamodzi ndi mwanayo.

Anakula ali wamakani. Anatengera ine, ndipo sindinadandaule. Titagula ng'ombe ndiye ankazitsogolera polima, chingwe m'manja, mapazi opanda nsapato. Ankatembenuka n'kunena, "Atate, mzere wanu wakhota." Palibe munthu wina wamoyo amene anandiuzapo kuti mzere wanga wakhota. Ndinkayang'ana m'mbuyo, n'kupeza kuti wakhotadi. Mlongo wake anabwera pambuyo, wofatsa, wa amayi ake. Ukamutuma amapita, ukamukalipira amaweramitsa mutu. Mwana wabwino. Sanandivutitsepo, nanenso sindinamuyang'anitsitse kawirikawiri, monga mmene suyang'anira ng'ombe imene imayenda yokha bwino m'goli.

Mtsikana atamaliza sukulu yake cha ku Kasisi anayamba kutenga repu ndi matimati a m'dimba lathu kukagulitsa ku msika wa ku Lusaka. Ankakwera minibasi, madengu pamwamba. Makondakitala ankamudziwa ndipo ankamuopa. Tsiku lina ndinapita ndekha ku msika umenewo kukafuna mbewu. Mayi wina wogulitsa kabichi anandiyang'ana pamphumi, nati, "Imwe sindimwe atate ake a mtsikana?" Ndisanayankhe anali ataitana anzake. Anandipatsa mpando, anandipatsa madzi. Mumzinda umene sindinkadziwa ngakhale kokwerera basi, ndinakhala pansi ngati mkulu wodziwika. Dzina linali litafika kumene mapazi anga sanafikeko. Analinyamula ndi iyeyo.

Anadwala m'dzinja, chimanga chitangomasula. Za matendawo sindilemba. Tinapita naye kuchipatala, a kumeneko anayesetsa, tinabwera naye m'bokosi. Anali asanakwatiwe. Sanasiye mwana.

Pa maliro mbuya anachita zake zonse. Anasonkhanitsa Abemba anzake, anakumba, anatema nkhuni, anakalipira ophika. Pa chimbuya, ofedwa amawawaza ufa kumutu ndi kuwaseka, kuti chisoni chisawameze. Ponyamuka kupita kumanda anabwera ndi ufa m'kambale, nandithira pamutu, anthu akuona. Anandigwira pamkono mwamphamvu.

"Bashi mtsikana, imilira bwino. Ukagwa uko nizakukwilira pamodzi, sinikumba kawiri."

Sindinagwe.

Maliro atatha, amayi a mpingo ankabwera kudzakhala ndi mkazi wanga. Anaona kuti wina akangoti amake mtsikana, iye ankasiya chimene wagwira n'kulowa m'nyumba. Anakambirana. Kenako anatuma mkulu wina wa mpingo, munthu waulemu, wa kwathu komweko. Anandipeza ndikukonza goli pansi pa mtengo wa mango.

"Taona kuti dzina lija likuwalasa amayi mumtima," anatero. "Tagwirizana kuti kuyambira lero tiziti amake mnyamata, inunso atate ake a mnyamata. Mwanayo alipo, ndi wanu yemwe."

"Mwabwera kudzandifunsa kapena kudzandiuza?"

"Tikukuuzani mwachikondi, akulu."

"Ndamva."

Iye anapita akuganiza kuti ndavomera. Ndinangoti ndamva.

Anthu amenewa sanali oipa. Anachita mwachifundo, ndipo m'mabanja ambiri zimatero, mtima wa mayi n'kupumako. Mkazi wanga anavomera, sindinamuletse. Koma ine ndinaona chonchi. Zaka zonse zimene ndinazula zitsa, kugula ng'ombe, kumanga nyumba ya njerwa, anachita zimenezo anali atate ake a mtsikana. Ndiye munthu amene anthu ankabwereka kwa iye pulawo, amene ankamufunsa nzeru pa milandu ya malire. Tsopano ankati munthuyo achoke, abwere wina. Ndipo mwanayo, amene analibe mwamuna, analibe khanda, analibe ngakhale munda wake, malo okhawo amene dzina lake linkamvekabe tsiku ndi tsiku anali pa ine. Akalichotsa pa ine, litsala pa mtanda wa kumanda basi, pamene mvula imafufuta utoto.

Choncho sindinayankhe. Sindinakangane ndi munthu. Wina akati atate ake a mnyamata, ndinkapitiriza chimene ndikuchita. Poyamba ankati chisoni chandigonthetsa. Kenako anadziwa. Ena anazolowera kungotsokomola akafika pafupi. Ena ankati akuluakulu. Ku mpingo ankandikodola ndi dzanja. Mkazi wanga anali pakati. Dzina lakale silinkatuluka pakamwa pake, latsopano ankadziwa kuti sindiyankha. Anayamba kungoti inu. Inu, madzi ali kubafa. Inu, ng'ombe zalowa m'dimba. Nanenso ndinkangoti amayi. Takhala choncho zaka zambiri, m'nyumba imodzi, opanda mayina.

Tsiku lina ndinapita kuchigayo pangolo ndi mnyamata. Nthawi imeneyo anali ku sekondale, wamtali kale kuposa ine. Ufa utatuluka, mwini chigayo anafuula pamwamba pa phokoso, "Atate ake a mnyamata, thumba lanu ili!" Ndinali pafupi, ndinamva bwino. Ndinayang'ana ng'ombe. Anafuulanso. Anthu amene anali pamzere anayang'ana ine, kenako anayang'ana mnyamata. Iye anapita yekha, nanyamula thumbalo paphewa, naliika pangolo. Pobwerera sanakwere. Anayenda kutsogolo kwa ng'ombe, pamalo pamene mlongo wake ankayenda, ndipo sanatembenuke mpaka kunyumba. Ndinaona khosi lake mmene linaumira. Ndinaona, koma sindinasinthe.

Zaka zinapita. Anthu amene tinagwetsa nawo mitengo ena anafa, ena anabwerera kummawa, ena anagulitsa minda kwa a ku Lusaka amene amabwera Loweruka ndi galimoto kudzaona nkhuku zawo. Atsopanowa sadziwa kuti panali mtsikana. Amati ba mudala, amati ba ankolo. Amenewo ndimawayankha ndi mutu, chifukwa mawuwo si dzina, akhoza kuuza nkhalamba iliyonse ya panjira. Amayi a kumsika aja sindidziwa ngati alipo.

Anatsala mbuya yekha. Iye sanamvere za mpingo wathu, ndipo mbuya salamulidwa pakamwa. M'mawa uliwonse ankafika pampanda wa nkhadze umene unamera pamalire athu.

"Bashi mtsikana! Wauka, kapena nibwele na fosholo?"

"Ndauka. Anyani atha kodi kuphiri, kuti ubwere kudzapempha chakudya kuno?"

Masiku ena ndinkapita kumpandako ndilibe chochita, n'kumanamizira kudula nthambi, mpaka atatuluka. Ndikangomva, ndinkabwerera kuntchito.

Mnyamata anaphunzira, anapeza ntchito ya muofesi ku Lusaka, anakwatira mphunzitsi, mkazi wodziwa kugwada. Anagula puloti ku Silverest, kunja kwa Lusaka, n'kumanga. Nyumba itatha anabwera kudzanditenga kuti ndikaione. Kumeneko aliyense ali m'kati mwa mpanda wake wa mabuloko, geti lotseka, thanki ya madzi pamwamba. Munthu amatuluka m'mawa m'galimoto, amalowa madzulo m'galimoto. Ndinamufunsa dzina la woyandikana naye, anati amangomudziwa kuti ndi wa galimoto yoyera.

Kuseri kwa nyumba anali atalima kabedi ka repu. Anabzala mothithikana kwambiri. Ndinagwada n'kuyamba kupatulira. Iye anaima pambali, manja m'thumba.

"Kuno mwina mungayankhe, atate," anatero, ngati akuseka. "Kuno kulibe amene akudziwani na dzina lina."

"Ukukamba chiyani?"

"Mudziwa chimene nikamba. Kuyambira nili ku sukulu anthu akuitanani na dzina langa. Simunayankhepo. Ngakhale tsiku limodzi."

Aka kanali koyamba kuti mwanayu andilankhule choncho. Ndinapitiriza kuzula.

"Iwe uli moyo," ndinatero. "Dzina lako umaliyankha wekha. Mlongo wako alibe womuyankhira."

"Nidziwa. Nanenso n'nalira, atate. Anali mlongo wanga."

"Ndiye ukufuna chiyani?"

"Palibe. N'nali kufuna chabe kumvako kamodzi."

Anapita kukatsegula mpopi kuti ndisambe m'manja. Sitinakambenso. Pobwerera anandisiya pamsewu waukulu monga ndinamuuzira, ndinakwera minibasi. Njira yonse ya fumbi mawu akewo anali m'khutu. Ine ndinkadziwa kuti ndikusunga wakufa. Iye kwa zaka zonsezo ankamva kuti ndikukana wamoyo. Chinthu chinali chimodzi, koma tinkachionera mbali zosiyana, ndipo sindinadziwe mmene ndingamupatsire chake popanda kulanda cha mlongo wake.

Chaka chatha, titakolola, anabwera pakhomo masana a Loweruka. Analonjera amayi ake, kenako anandipeza pankhokwe. Anakhala pansi, osati pampando, thalauza lake la kuofesi pafumbi. Ndinadziwa kuti wabwera ndi nkhani. Mkazi wake anali atachira masiku apitawo, mwana wamkazi, woyamba.

"Atate, mchombo wagwa. Tifuna mubwere mumutche dzina."

"Ndili nalo. La amayi anga."

Anatola kachitsotso, nakathyola.

"Ife tinali kuganiza la mlongo wanga. Ngati mungalole."

"Ukudziwa chimene ukupempha?"

"Nidziwa."

"Anthu aziti atate ake a mtsikana, akunena iwe."

"Ee."

"Nanga ine?"

Anayang'ana pansi. "Imwe muzakhala agogo ake."

Ndinamuuza kuti apite, ndimuyankha. Amayi ake anamupatsa maungu ndi mtedza, ananyamuka.

Pa mwambo wathu amuna awiri a banja limodzi sangayendere dzina limodzi lotere. Mwana akatenga dzinalo, atate ake ndi amene anamubereka. Ine ndikanakwera kukhala agogo. Chimene ndinakaniza mpingo wonse, chimene ndinakhalira chete pamaso pa anthu mpaka kutchedwa wouma mutu, mwana wanga yemwe ankandipempha kuti ndichipereke ndi manja anga. Poyamba ndinaganiza kuti akubwezera. Ndinamumana, tsopano akulanda. Koma nditakhala pankhokwepo ndinaona kuti si choncho. Iyenso dzina lake la paubwana linali kutha, monga langa linathera m'chitsime muja. Akanatha kusankha lililonse, la m'Baibulo kapena la chizungu monga amachitira anzake a ku Silverest. Anasankha kuti moyo wake wonse aziitanidwa ndi dzina limene linamutsekera kwa atate ake.

Komabe mtima unakana. Ndinapita kumpanda wa nkhadze. Mbuya masiku ano amayenda ndi ndodo, maso akuchita khungu, koma pakamwa mpomwe paja. Ndinamuuza.

"Manje vuto ni chani?" anafunsa.

"Dzinalo ndi langa."

"Lako? Unabadwa nalo? Nine n'nakupasa, uli mu mugodi monga mfuko. Sunaziwe na kuyankha."

"Ndalisunga zaka zonsezi."

"Wasunga, ee. Manje uzafa, iwe. Ona mendo yako. Ukafa nizakuika na dzina lako pamodzi, nizakwilira vonse viwiri. Ndiye ukondwe?"

"Udzayamba ndiwe kufa, wakudya anyani."

"Ndiye chaipilatu. Nikayamba ine, azakuitana ndani? Nkhadze izi?"

Ndinamusiya akuseka mpaka kutsokomola. Koma ananena zoona. Pa dziko lonse panatsala pakamwa pamodzi potchula dzinalo, ndipo pakamwapo mano anali atatha.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga akutong'ola chimanga pamphasa. Anali atamva zonse, mnyamata anayamba wauza iye. Ndinakhala pampando. Sanandiyang'ane.

"Amayi, mukuti bwanji inu? Paja dzinali limakulowetsani m'nyumba."

Anatong'ola chisononkho chonse asanayankhe.

"Linkandilowetsa m'nyumba chifukwa ndikalimva ndinkayembekeza kuti atulukira, ndipo sankatulukira. Inu munapeza pokhala nalo. Ine ndinalibe." Anatenga china. "Ndakalamba. Ndikufuna ndiime pakhomo pano, ndiitane dzina limenelo mokweza, wina athamange kubwera. Ngakhale akane kubwera, achite makani ngati mwini wake. Bola amve."

Zaka zonsezi ndinkayesa kuti mkaziyu analitaya dzinalo. Sanalitaye. Ankangosowa wolimva.

Tsiku lotcha dzina tinakwera minibasi m'mawa, ine nditapanira msoti m'khwapa, mphatso ya khanda. Kondakitala anati nkhuku ilipire mpando wake. Ndinamuyang'ana, anasiya. Ku Silverest mnyamata anatsegula geti yekha. Pakhonde panali mayi wina wachikulire amene anali asanandionepo, azakhali a mpongozi wanga, ochokera kutali. Anaimirira, napukuta manja pachitenje.

"Kodi ndinu atate ake a mnyamata?"

Mnyamata anali pambali panga, dzanja lili pa geti. Amayi ake anayang'ana kumbali.

"Ndine," ndinatero.

Mayiyo analandira nkhuku, osadziwa kanthu. Mnyamata anatseka getilo pang'onopang'ono, ndipo anachedwa kutembenuka.

M'nyumba tinapemphera. Mpongozi anagwada, nandiika khanda m'manja. Linali lopepuka, lofiira, nkhonya zofumbata. Onse ankadikira. Pamenepo ndinazindikira chinthu chimene sindinachiganizepo. Zaka zonsezi dzinalo ndinkangolimva kwa mbuya n'kuyankha. Ine mwini sindinalitchulepo chiikireni maliro. Ndinalitchula. Linatuluka lonse, losathyoka. Amayi ake a mpongozi analulutira, ena anatsatira. Mkazi wanga anatambasula manja, ndinamupatsa mwanayo. Anaika pakamwa pake pakhutu la khanda n'kulitchula nayenso, motsitsa, mobwerezabwereza.

Mwanayo atalimba khosi anabwera naye ku Kanakantapa kuti aone kwawo. Tinakhala pansi pa mango, ine ndi mnyamata, amayi ali ndi mpongozi kukhitchini. Ndinamva ndodo ikugogoda chakumpanda.

"Bashi mtsikana!"

Tinatembenuka tonse awiri.

"Osati iwe, wakudya mbeba," anatero mbuya, akuloza ndi ndodo kumene ankaganiza kuti ndili. "Iwe wasila, zako zatha, ndiwe bashikulu manje, agogo. Nifuna uyo wamano yonse. Bashi mtsikana, bwela unionetse mwana, nione ngati wapulumuka mphuno ya agogo ake."

Pakamwa panga panali patatseguka kale kuti ndiyankhe. Ndinatseka. Mnyamata anandiyang'ana kaye. Ndinamukodola ndi chibwano kuti apite. Anaimirira, nayankha, "Nabwela," napita kukatenga mwana.

Ndinatsala ndekha pampando. Sindinene kuti sizinawawe. Zinawawa ngati dzino limene lazulidwa, lilime n'kumapitabe pamalopo.

Kenako mkazi wanga anatulukira pakhomo la khitchini, manja ali ndi ufa. Anayang'ana mbuya akulowa pang'onopang'ono ndi ndodo yake, anayang'ana ine.

"Agogo ake a mtsikana," anaitana mokweza, mpaka nkhuku zinabalalika, "mwangokhala? Apatseni mpando alendo."

Ndinaimirira, ndinakatenga mpando.